Chidindo n'cha ku Pretoria, mpopi ngwa meya

Loweruka lapitali ndinaima maola atatu pa kona ina kumunsi kwa Park Station, mu Johannesburg muno, kudikira transipota woti anditengere kachikwama kopita kwa mayi anga ku Lunzu. Pa foni anandiuza kuti ali pafupi. Amene munatumizako katundu kumudzi mukudziwa kuti "ndili pafupi" wa transipota amatha kunenedwa munthu ali ku Germiston, manja ali m'mbale ya nsima. Ndiye ndinatsamira khoma, kachikwama pakati pa miyendo, makutu n'kuwasiya aziyenda okha.

Pakona pamenepo Chichewa chimamveka ngati uli pa Wenela. Pali mayi wina wa ku Mangochi amene amagulitsa usipa, bonya, ufa wa kondowole ndi timabotolo ta kambuzi. Malonda akewo amayala pa chitenje. Poyamba ndinkayesa n'kusowa tebulo, koma pasanathe mphindi khumi ndinadzionera ndekha. Galimoto ya apolisi a mzinda itangotulukira chakumtunda, mayiyo anagwira ngodya zinayi za chitenje, kukoka kamodzi, golosale yonse n'kusanduka mtolo wa pamutu. Galimotoyo inadutsa osaima n'komwe. Iye anatula mtolo, kuyalanso, mulu uliwonse kubwerera pamalo pake, nkhope ili phee ngati wangoyetsemula.

"Mayi, mapepala anu sali bwino kodi?" anafunsa mnyamata wina amene ankagula bonya, chikwama cha laputopu chili kumsana. Kayankhulidwe kake kanali ka ku yunivesite, ka aja amati asananene kuti inde amayamba ayang'ana kumwamba.

"Mapepala ake ati, mwanangu? A ku Pretoria ndili nawo, ali m'kamisolo umu. Awa adutsawa safuna a ku Pretoria. Amafuna a pansi pano pamene ndakhalapa."

Madala wina amene anakhala pa kreti chapafupi, atavala yunifolomu ya ulonda yofwifwa m'mapewa, anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwamva, asukulu? Zimenezo m'mabuku mwanu mulibe. Dziko lino muli maboma atatu, lililonse ndi pakamwa pake. La ku Pretoria ndi la chidindo. Ukalowa pa Beitbridge amakupatsa masiku 30, akatha ndiwe wa ku Lindela, kosungira oti abwezedwe kwawo. La chigawo cha Gauteng ndi la zipatala zikuluzikulu ndi masukulu. Koma madzi amene ukumwa, zinyalala zako, kliniki ya pakona, malo oyalapo usipa, zonsezo n'za meya. Ine ndakhala kuno zaka zoposa 20. Nduna ya Home Affairs ndimaionera pa TV basi. Meya ndiye ndimakumana naye m'mawa uliwonse ndikatsegula mpopi."

"Madziwo akatuluka," anatero mayi uja.

"Akatuluka ndakumana naye. Akapanda kutuluka ndakumana nayebe."

Maganizo anga anathawira kumudzi. Mlendo akabwera kudzapempha malo sapita ku Capital Hill. Amapita kwa nyakwawa, nkhuku ili m'khwapa, ndipo nyakwawayo ndiye amadziwa kuti munthuyu wafikira kwa yani, akutunga pa mjigo uti, akatisiya tikamugoneka manda ati. Lamulo la dziko likhoza kunena kuti munthuyu sayenera kukhala pano, koma maliro ake akagwa wosowa tulo ndi nyakwawa. Meya naye ndi nyakwawa, kungoti mudzi wake ndi waukulu, alendo ake amatsika basi usiku uliwonse, ndipo palibe amamuuziratu kuti akubwera angati.

Panalinso bambo wina wamfupi, wa ndevu za mbuzi, amene nthawi yonseyi ankakulunga tepi pa chikatoni cha mapoto. Ameneyu anadzutsa mutu.

"Mameyawo ine ndinawatsukirapo mbale."

Tonse tinacheuka.

"Ee, ku Durban, mu Novembala 2019. Ndinali pa ganyu kukhitchini ya hotela ina cha kunyanja. Sabata imeneyo kunadzaza mameya a dziko lonse lapansi, ena a mikanjo, ena a masuti, zitupa zikulendewera m'khosi. Mbale zinkabwera ngati mvula ya mu Januwale. Ndinafunsa mnzanga wina wachizulu kuti anthuwa akukambirana chiyani, iye akuti zina mwa izo n'za anthu ngati iweyo. Ndinati za ine? Bwanji osangolowa kukhitchini kuno kudzandifunsa? Ndili pompano, manja ali m'thovu. Komanso chaka chomwecho, mu Malichi, anzathu anagona panja pa polisi ya Sydenham atawathamangitsa ku Burnwood. Mzinda womwewo, achimwene."

Mnyamata wa laputopu maso anawala ngati wafunsidwa funso limene analowezera usiku.

"Umenewo unali msonkhano wa United Cities and Local Governments. Ndi bungwe la mizinda ndi makhonsolo a padziko lonse, likulu lake lili ku Barcelona. Ndipo amene ankalitsogolera kufikira msonkhano umenewo anali a konkuno, a Parks Tau, aja anali meya wa Johannesburg kuyambira 2011 mpaka 2016. Anakawasankhira ku Bogotá."

Mayi uja anasiya kuwerenga chenji.

"Mwati a Tau? A 2013 aja?"

Mnyamatayo za 2013 sankazidziwa, mwina n'kuti ali ku pulayimale ku Chilomoni. Koma pakonapo aliyense wa imvi ankakumbukira. Mu Okutobala chaka chimenecho khonsolo ya Johannesburg inayambitsa chimene inachitcha Operation Clean Sweep, kusesa mavenda masauzande m'misewu ya pakati pa tawuni. Tsache silinasankhe. Wa chiphaso ndi wopanda chiphaso, mbadwa ndi mlendo, onse anapita ndi fumbi limodzi. Mabungwe a mavenda anathamangira kukhoti, ndipo pa 5 Disembala khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linalamula kuti khonsolo iwasiye abwerere m'malo mwawo.

"Masabata onse aja mukudziwa ndinkadya chiyani?" anatero mayiyo. "Ndinadya mpamba wanga womwe. Usipa m'mawa, usipa madzulo, mpaka ana anayamba kununkha nyanja. Ndiye mukundiuza kuti patangopita zaka zitatu eni tsachewo anakakhala mfumu ya mameya onse?"

"Anali pulezidenti wa bungwe, mayi, osati mfumu."

"N'chimodzimodzi. Onse amakhala kutsogolo."

Mnyamatayo sanagonje, ndipo ine ndinamukonda chifukwa cha zimenezo. Anatula chikwama pansi n'kuyamba kulongosola, manja akuthandiza pakamwa. Anati kwa zaka zambiri nkhani za anthu osamuka zinkakambidwa ndi maboma a mayiko okhaokha, nduna ndi akazembe, mameya ali kunja kwa bwalo ngati ana pa mlandu wa akuluakulu. Chonsecho munthu akawoloka malire sakagona ku nyumba ya malamulo, amakagona mumzinda wa wina. Ndiye mameya anayamba kuitanizana okhaokha. Pamene United Nations inkakonza pangano la dziko lonse lokhudza anthu osamuka, boma la America linatulukamo mu Disembala 2017, koma mameya a New York, Los Angeles ndi Chicago, pamodzi ndi anzawo a mayiko ena, analemba kalata yopempha kuti mizinda ipatsidwe malo pa zokambiranazo. Bambo watuluka pakhomo mokwiya, ana ake akugogoda pa zenera. Mu Disembala 2018, kutatsala masiku awiri kuti mayiko avomereze panganolo ku Marrakech, mameya anakumana mumzinda womwewo, anagwirizana pa chikalata chawochawo, n'kukhazikitsa Mayors Migration Council. Ndipo mwezi wa Novembala, komweko ku Marrakech, makhonsolo a mu Africa pa msonkhano wa Africities anali atavomereza kale chikalata chawo cha za anthu osamuka.

"Chikalata, chikalata," anatero madala uja akugwedeza mutu. "Kwathu ku Ntcheu tinali ndi komiti ya mjigo. Malamulo ake masamba anayi, olembedwa pa mashini. Mjigo unafa chaka chomwecho. Malamulo alipobe, ali m'Baibulo la asekeletale."

"Pali ndalamanso, madala. Mayors Migration Council ija ili ndi thumba lake, ndipo ndalama zake sizidzera ku likulu la dziko, zimapita ku khonsolo mwachindunji. Mu 2022 Beira analandira, Arua wa ku Uganda analandira, Johannesburg yemweyu analandira."

"Zingati?"

"Ngati madola 200,000 mzinda umodzi."

"Mzinda wonsewu? Imeneyo ndi ya tiyi ndi masikono pa msonkhano umodzi."

Apa ndinafuna kulowererapo, koma ntchito yanga ndi ya makutu, ndiye ndinena muno. Madala sanalakwe, ndalamayo ndi yochepa. Chachilendo ndi njira imene yadzera. Aliyense amene anagwirako ntchito ku khonsolo kwathu akudziwa kuti ndalama yodzera ku likulu imafika itawonda ngati ng'ombe ya mu Okutobala, ikafika n'komwe. Ku Beira, kumene namondwe Idai anasasula madenga mu Malichi 2019, khonsolo imawadziwa mabanja amene nyanja ikuwalanda malo ku Praia Nova kuposa mmene Maputo angawadziwire. Meya wa Freetown, mayi Yvonne Aki-Sawyerr, ndi mnzawo wa ku Milan, a Giuseppe Sala, anayambitsa bwalo la mameya a mu Africa ndi a ku Ulaya, kumene kochokera anthu ndi kofikira anthu amakhala mphasa imodzi popanda nduna pakati. Zimenezi ine sindizipeputsa. Meya akamva kwa mnzake kuti kwathu tinawalembetsa alendo ku kliniki, tinawapatsa malo mumsika, ndipo mudzi sunapasuke, amabwerako ndi pakamwa poyankhira nduna ya kwawo. Mameya ambiri mantha awo ndi oopa kukhala oyamba.

Koma bambo wa mapoto ankafuna chinthu chogwirika.

"Ndiye ofesi yawo ili kuti, ndikawauze zanga?"

"Ine ndinapitako," anatero madala. "Anaitsegula mu 2007, nthawi ya a Amos Masondo. Migrant Help Desk. Ndisaname, anandilandira bwino, mpando anandipatsa. Anandiuza kopeza maloya aulere, anandiuza kuti mwana ali ndi ufulu wolembedwa sukulu. Koma nditatulutsa pasipoti, mtsikana wake anangoiyang'ana ngati mbale ya eni. Akuti abambo, ichi n'cha Home Affairs, ife chidindo tilibe. Ndinatuluka ndi nzeru zambiri, masiku anga ali othabe."

"Komabe anayesetsa," anatero mnyamata uja.

"Anayesetsa. Chaka chotsatira, mu Meyi 2008, moto wa chidani pa alendo unabuka ku Alexandra. Anthu 62 anapita. Desiki silitchinga chikwanje, asukulu. Koma ndikuuzeni chinthu china: amene tinathawa tinakagona m'mapolisi ndi m'maholo a khonsolo. Ku Union Buildings ku Pretoria sikunagone munthu. Ndiye musaone ngati ndikunyoza khonsolo. Ndikungoti khonsolo ili ngati nyengo. A Masondo anatsegula desiki. A Tau anasesa. A Herman Mashaba atalowa mu 2016 anayamba kuloza alendo opanda mapepala kuti ndiwo awononga pakati pa tawuni, apolisi n'kumagwetsa zitseko m'nyumba zosanja usiku."

Zimene ananenazi zili m'mabuku a makhoti. Anthu a m'nyumbazo anakasuma, ndipo makhoti anagamula kuti kusecha anthu m'nyumba zawo mwa njira ija, popanda chilolezo cha khoti, kunali kosemphana ndi malamulo a dziko. Ndipo a Mashaba atachoka, kuyambira Disembala 2019 kufika Ogasiti 2024, pampando wa meya wa Johannesburg panakhala anthu 7. Mzinda ulibe dzanja, amasaina ndi munthu. Wosainayo akagwa pa voti ya m'khonsolo Lachinayi masana, wolowa m'malo mwake amakapeza chikalata chija mu kabati, ngati angaitsegule.

Mayi wa usipa anali atakhala chete kwa kanthawi, akusankha timiyala mu bonya. Kenako anayankhula osadzutsa mutu.

"Ndinali ndi kasitomala wanga, kamtsikana ka ku Machinga. Lachisanu lililonse bonya wa 20 randi, n'kumandinyengerera kuti mayi onjezerani pang'ono. Kankakhala ku Albert Street."

Palibe anafunsa kuti kali kuti tsopano. Ngakhale tepi ya bambo wa mapoto inasiya kulira.

Usiku wofikira pa 31 Ogasiti 2023, nyumba yosanja yotchedwa Usindiso, ku Marshalltown, inapsa. Anafa anthu 76, ena Amalawi, ena a ku Tanzania, ena eni dziko. M'katimo zipinda zinali zogawidwa ndi matabwa ndi makatoni, njira zothawira zinali zotsekeka, ndipo ena anachita kudumpha pa mawindo. Mwini nyumbayo anali mzinda wa Johannesburg. Mbiri yake ndi yowawa kuposa pamenepo. M'nthawi ya tsankho, 80 Albert Street inali ofesi ya mapasi, kumene munthu wakuda ankaima pamzere kuti amudindire ngati akuloledwa kukhala mu Johannesburg kapena azibwerera kwawo. Ofesi imeneyo inamangidwa m'zaka za m'ma 1950 ngati likulu la nthambi ya khonsolo yoyang'anira anthu akuda. Ndiye kuti panali nthawi imene chidindo chinalidi m'manja mwa mzinda, ndipo sichinali chachifundo. Amene amati mizinda ikangopatsidwa mphamvu alendo apuma, ayambe adutsa pa Albert Street.

Moto utazima, maboma onse atatu anafika. Mkulu wa chigawo cha Gauteng, a Panyaza Lesufi, anakhazikitsa kafukufuku wotsogoleredwa ndi jaji wopuma, mayi Sisi Khampepe, ndipo lipoti lawo la mu 2024 linati mzindawo uli ndi mlandu chifukwa sunatsate malamulo ake omwe okhudza moto ndi nyumba. A Home Affairs nawo anatenga ena mwa opulumuka n'kupita nawo ku Lindela.

"Mwaona?" anatero madala chapansipansi. "Nyumba ya meya, kafukufuku wa chigawo, unyolo wa Pretoria. Maboma atatu anakumana pa phulusa limodzi. Tsiku lina lililonse sakumana."

Mnyamata uja mawu ake anatsika, koma sanawameze. Anati khomo loti mizinda iyankhule ndi boma lalikulu lilipo ndithu. Makhonsolo a dziko lino ali ndi bungwe lawo, SALGA, ndipo malamulo oyendetsera dziko amalola kuti litumize nthumwi zosaposa 10 ku National Council of Provinces, nyumba yachiwiri ya malamulo ku Cape Town.

"Amavota?"

"Ayi. Amayankhula nawo, koma savota."

"Ndiye ndi akamwini amenewo. Pa mlandu wa kuchikazi mkamwini ayankhule mmene angathere, chigamulo n'cha eni mbumba."

Tinaseka tonse, mnyamatayo ngakhalenso mayi uja. Koma umkamwini umenewu suseketsa ukauona pafupi. Mu Okutobala 2024 ana 6 anamwalira ku Naledi, ku Soweto, ndi poizoni wa mankhwala a terbufos, ndipo zala zinaloza timashopu ta spaza, tambiri mwa ito toyendetsedwa ndi anthu a ku Somalia, Ethiopia, Bangladesh ndi Pakistan. Pa 15 Novembala pulezidenti Cyril Ramaphosa analamula kuti spaza iliyonse ikalembetse ku khonsolo pasanathe masiku 21. Kulamula kunatenga madzulo amodzi pa TV. Mizere, mafomu ndi magulu oima pazipata kutsekereza alendo, zonsezo zinagwera makalaliki a khonsolo, mpaka tsiku lomaliza analisunthira ku 28 Febuluwale 2025. Nkhani inayamba ngati ya zaumoyo, koma pa kauntala ya khonsolo inasanduka sefa ya mapasipoti. Amene waphika ndi wina, wotsuka mphika ndi wina.

Bambo wa mapoto anamaliza kumanga chikatoni chake, anakhalapo, n'kuponya mwala m'chitsime.

"Komatu tisamangoloza eni dziko. Kwathu Maburundi tinawachita chiyani?"

Panadutsa kamphepo. Aliyense ankadziwa zimene akunena. Mu 2023 boma la Malawi linalamula kuti othawa kwawo onse okhala m'matawuni ndi m'midzi abwerere ku Dzaleka pofika pa 15 Epulo. Mu Meyi apolisi ndi asilikali anayamba kuwatola mu Lilongwe, amuna, amayi ndi ana, kudzera nawo ku ndende ya Maula asanawapititse ku Dowa. Msasa wa Dzaleka, umene unatsegulidwa mu 1994 pamalo pamene kale panali ndende ya andale, unakonzedwera anthu 10,000 kapena kupitirirako pang'ono, koma nthawi imeneyo n'kuti muli kale oposa 50,000. Lamulo lathu la othawa kwawo ndi la 1989, ndipo Malawi posaina pangano la mayiko la 1951 anakana mbali zowalola kuyenda ndi kugwira ntchito momasuka.

"Ajawo n'zina," anatero mayi wa usipa msangamsanga. "Anatilanda bizinesi ajawo. Mlongo wanga ku Mchesi okala yake inagwa chifukwa cha iwowo. Amatsegula mbandakucha, amatseka pakati pa usiku, mitengo amagwetsa. Mwini dziko apikisana nawo bwanji?"

Madala anakanda m'mutu ngati akufunafuna chinthu chimene chamutayika.

"Mawu amenewa ndinawamva kuti kodi? Dikirani. Eya, ku Alexandra. Kungoti ankawanena m'Chizulu."

Mayiyo anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Anatenga botolo la kambuzi n'kuyamba kulipukuta ndi nsonga ya chitenje, ngakhale linalibe fumbi.

"Sindikukunenani, mayi," anapitiriza madala. "Inenso mwana wa mchemwali wanga anaombera m'manja tsiku lija. Koma ndifunse. Zaka zonse zija Maburundi ali ku Mgona, ku Area 25, ku Mchesi, wodula matikiti a msika ankafunsa pasipoti? Ankangoti mwayala, lipirani. Eni nyumba ankalandira lendi. Ana awo ankaphunzira limodzi ndi athu, Chichewa chawo kuposa changa. Mzinda unali utawameza kale. Kenako likulu linadzuka m'mawa wina n'kuti alavuleni."

Mnyamata uja anati nafenso tili ndi bungwe la makhonsolo, MALGA, ndipo mizinda inayi ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba ili ndi mameya ake. Anati ku Uganda lamulo la 2006 limalola othawa kwawo kuyenda ndi kugwira ntchito, n'chifukwa chake meya wa Kampala wa nthawiyo, a Erias Lukwago, anakhala nawo pakati pa atsogoleri a Mayors Migration Council ali ndi chonena. Meya amavina pabwalo limene lamulo la dziko lamulambulira. Likakhala lopapatiza, ngakhale akakumane ndi anzake ku Marrakech kakhumi, akabwera adzavina chogwada.

"Ndiye mwagwirizana nane," anatero madala.

"Ayi, madala. Ndikuti bwalolo limakula anthu akamaliponda m'mbali. Mameya akamapita limodzi kwa nduna, osati mmodzimmodzi."

"Mmm. Mukadzakhala nduna mudzandikumbuke. Ndimalondera ku Fordsburg, geti lobiriwira."

Ine ndinaima pakati pa awiriwa, ndipo mpaka lero sindinasunthe kwenikweni. Agogo athu a Wenela ndi Theba ankabwera kuno pa mgwirizano wa maboma awiri, ndipo ndege ija itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha anthu oposa 70, Kamuzu anangonena kamodzi kuti basi, njira n'kutsekeka. Nthawi imeneyo munthu ankachoka m'manja mwa boma kupita m'manja mwa mgodi, n'kukagona m'komponi. Lero palibe amatilemba pa Wenela. Timadzikweza tokha, kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda, Beitbridge, n'kudzatsikira pakhomo pa meya amene sanatiitane. Anzathu a ku Zimbabwe ndi Lesotho anapatsidwako zilolezo zapadera, ife ayi. Ndiye amene akutidziwa kuti tilipo ndi nesi wa pa kliniki, wowerenga mita ya madzi, ndi uja wa galimoto yodutsa chakumtunda. Akuti mlendo ndi mame. Mame a madala ajawa atha zaka 20 dzuwa likuwawomba, osauma.

Foni yanga inalira. Transipota anali tsidya lina la msewu, akukupiza dzanja ngati wachedwa ndine. Anabwera, ananyamula kachikwama kanga ndi chala chimodzi, kukayeza m'mwamba kawiri, n'kutchula mtengo umene unandiumitsa kukhosi. Tikukanganabe, galimoto ija inatulukiranso chakumtunda.

Mnyamata wa laputopu, pofuna kuthandiza, anathamangira kugwira ngodya imodzi ya chitenje. Anakoka nthawi yake isanakwane. Milu iwiri ya usipa inasakanikirana, botolo limodzi la kambuzi n'kugubuduzika kulowera ku ngalande.

"Siyani, asukulu, siyani! Mundiphera malonda!"

Mtolo unafika pamutu mochedwa, wopendekeka, mchira wa usipa ukusuzumira. Galimotoyo inachepetsa liwiro, wina m'katimo anatiyang'ana tonse mmodzimmodzi, kenako inapitirira. Mnyamatayo anabwera nalo botolo lija akulipukuta pa jekete, manyazi ali tho.

Mayiyo analandira, analiyang'ana ngati lang'aluka, n'kuliika pamalo pake.

"Mukakakumana nawo mameya anuwo, kaya ndi ku Barcelona kaya ndi kuti, mukawauze kuti mayi wa pa kona akufuna tebulo. La miyendo inayi, lolemera, loti ndisamalinyamule. Ndipo bonya uja simunalipire."